Mmene mungakonzere maajenti a pakompyuta ogwirira ntchito limodzi, kuyambira papepala mpaka kukayesa kudepo

Ajenti amene tikunena pano ndi pulogalamu ya pakompyuta yomwe imaona zochitika pamalo ake, n'kusankha yokha chochita, n'kumalankhulana ndi mapulogalamu anzake kuti ntchito ithe. Maajenti angapo akaikidwa pamodzi, aliyense ndi mbali yake komanso mwini wake, akatswiri amati imeneyo ndi multi-agent system. Ongoyamba kumene amathera mphamvu pa nzeru za ajenti mmodzimmodzi, chonsecho zinthu zimasokonekera pakati pa maajentiwo: ndani walonjeza chiyani, walonjeza kwa yani, lonjezolo litha liti, nanga uthenga ukasowa m'njira aliyense achita chiyani. Mayankho ake amalembedwa papepala kompyuta isanayatsidwe n'komwe.

Titenga ntchito imodzi n'kuyenda nayo mpaka kumapeto. Tiyerekeze bungwe la alimi a mbatatesi ku Angónia ndi Tsangano, maboma a m'chigawo cha Tete ku Mozambique: magulu 12 a alimi, madepo 4 osonkhanitsirako matumba, malole 15 a eni osiyanasiyana, ndi ogula a mumzinda wa Tete ndi ku Moatize. Manambala a chitsanzochi ndi ongoyerekeza, inu muikapo anu.

Yambani mwadzifunsa ngati maajenti akufunikadi

Yang'anani zinthu zitatu. Kodi chidziwitso n'chomwazikana? Mlembi wa gulu la ku Dómue akudziwa matumba amene adzaza, mwini lole akudziwa komwe kuli galimoto yake, koma palibe amene akuona zonse nthawi imodzi. Kodi eni ake ndi osiyana ndipo zofuna zawo zimawombana? Mwini lole safuna mnzake aone mtengo wake, pamene mlimi akufuna wotsikitsitsa. Kodi netiweki imadukaduka moti mbali iliyonse iyenera kupitiriza yokha kwa maola angapo? Ngati zonse zili m'manja mwa ofesi imodzi ya intaneti yokhazikika, za maajenti zisiyeni, pangani database imodzi (nkhokwe ya zolembedwa pakompyuta) ndi fomu basi. Idya ndalama zochepa, ndipo ikavuta cholakwika sichisowa.

Anthu, zofuna zawo, ndi amene akudalirana

Gawo ili lachokera ku njira ya Tropos, yomwe John Mylopoulos, Paolo Giorgini ndi anzawo anaifotokoza mokwanira mu 2004 potengera kalembedwe ka i* ka Eric Yu. Tropos imati jambulani kaye mmene anthu akugwirira ntchito lero, makina asanabwere.

Pitani kudepo tsiku lopakira katundu, kope m'manja. Lembani ziganizo za mtundu umodzi wokha: wakuti akudalira wakuti pa chakuti. Wapadepo akudalira mlembi wa gulu pa chiwerengero choona cha matumba. Mwini lole akudalira wapadepo kuti katundu akhale atasokedwa kale galimoto ikamafika. Wogula akudalira dalaivala pa nthawi yofikira. Mlimi akudalira msungichuma pa malipiro. Mukapeza munthu amene aliyense akumudalira koma sanatchulidwe m'malamulo a bungwe, monga mnyamata wa njinga yamoto amene amakauza magulu akutali kuti lole ikubwera, mulembeni. Ntchito yakeyo pulogalamu yanu iyenera kuisenza kapena kuisiya m'manja mwake mochita kudziwa.

Kenako siyanitsani zolinga zoyezeka ndi zosayezeka. "Lole idzaze isananyamuke" n'choyezeka. "Mbatatesi zifike zili bwino" ndi "magulu akutali asamaiwalidwe" n'zosayezeka, ndipo pulogalamu siingazitsate mpaka mutazisandutsa manambala mogwirizana ndi eni ake: thumba lisagone m'depo kupitirira masiku 3, gulu lisadumphidwe maulendo opitirira 2 otsatizana. Lamulo lachiwirili tikulitsindika chifukwa ajenti wongouzidwa kuti achepetse ndalama za mafuta amasankha magulu a m'mbali mwa tala tsiku lililonse, ndipo alimi a kumapiri amaolera katundu popanda amene anaganiza zowachitira nkhanza.

Pomaliza gawoli ikani dongosolo latsopanolo pachithunzi ngati mmodzi mwa anthuwo, n'kusankha zodalirana zomwe zisamukire kwa ilo. Kuona ngati mbatatesi n'zazikulu, zapakati kapena zazing'ono kutsale ndi maso a munthu.

Lembani nkhani za momwe ntchito iyendere

Njira ya Prometheus, ya Lin Padgham ndi Michael Winikoff omwe anaikonza ali ku yunivesite ya RMIT ku Melbourne, imathandiza apa. Imafuna mulembe zolowa, zomwe ndi zonse zimene dongosolo limamva kuchokera kunja, ndi zotuluka, zomwe ndi zimene limachita kunjako. Zolowa zathu ndi SMS ya mlembi yonena matumba, kulemera kwa pasikelo, malo a lole, ndi uthenga wa malipiro. Zotuluka ndi SMS kwa dalaivala, risiti, ndi pempho la malipiro.

Nkhani yoyamba ikhale ya tsiku labwino: matumba afika 180 padepo, depo yaitana malole, imodzi yasankhidwa, yapakira, wogula walandira, alimi alipidwa. Pa sitepe iliyonse funsani kuti "nanga zikapanda kutero?" n'kulemba nkhani ina. Lole yatitimira m'matope mvula ya Januwale itagwa usiku. Wogula wakana matumba 20 kuti ndi oola. Mlembi walemba 810 m'malo mwa 180. Nkhani za mavuto zikachepa kuposa za tsiku labwino, dziwani kuti simunafunse mokwanira.

Maudindo kaye, maajenti pambuyo

Gaia, njira yomwe Michael Wooldridge, Nicholas Jennings ndi David Kinny anaifalitsa mu 2000, imaona dongosolo lonse ngati bungwe la maudindo. Udindo uliwonse umalembedwa pa khadi lake ndipo uli ndi mbali zinayi: zomwe ukuyenera kukwaniritsa, zilolezo zake, ntchito zomwe umachita pawokha, ndi ndondomeko zolankhulirana ndi maudindo ena. Zoyenera kukwaniritsazo zili pawiri. Za liveness ndi zabwino zomwe ziyenera kuchitika ndithu. Za safety ndi zoipa zomwe zisachitike ngakhale kamodzi. Khadi la udindo wa Wofuna Galimoto lingaoneke chonchi:

Zilolezo: kuwerenga chiwerengero cha matumba m'depo, kuwerenga mndandanda wa malole, kulemba m'kaundula wa maulendo. Mitengo ya ogula ndi malipiro asakhudze.

Zoyenera kuchitika: DikiraMatumba . ItanaMalole . SankhaLole . TsatiraUlendo, kubwereza mosalekeza. Mu Gaia kadontho kamatanthauza kuti ichi chikatha chibwere icho, pamene kamzere koimirira kamatanthauza ichi kapena icho.

Zosayenera kuchitika: matumba operekedwa ku malole kuposa amene ali m'depo; thumba limodzi kulowa m'maulendo awiri; katundu kuposa mphamvu ya lole, monga matumba oposa 200 a makilo 50 pa lole ya matani 10.

Mzere wachitatuwu ndi umene ambiri amausiya wopanda kanthu, poti kulemba zomwe mukufuna n'kosavuta kusiyana ndi kuganizira zomwe mukuopa. Komatu mayeso anu onse a kutsogolo adzachokera pamenepa.

Makadi onse akatha ayaleni patebulo, muyang'ane zilolezo zolemba. Chinthu chilichonse chikhale ndi udindo umodzi wokha wochisintha. Ngati Wosunga Depo ndi Wofuna Galimoto onse angathe kuchotsera chiwerengero cha matumba, tsiku lina adzachotsera limodzi ndipo kaundula adzaonetsa matumba ochepa kuposa omwe aunjikidwa pakona. Mmodzi alembe, winayo apemphe.

Tsopano phatikizani maudindo kukhala maajenti. Maudindo ogwiritsa ntchito chidziwitso chimodzi, a mwini mmodzi, okhala pamakina amodzi, alowe mwa ajenti mmodzi: Wosunga Depo ndi Wofuna Galimoto akhale ajenti wa depo. Maudindo owombana zofuna asakhale pamodzi. Wopempha malipiro asakhalenso wovomereza malipiro. Mukatero mutsala ndi mitundu isanu: wa gulu, wa depo, wa lole, wa wogula, ndi wa chuma. Jambulani mizere yosonyeza amene amalankhula ndi mnzake. Aliyense akamalankhula ndi aliyense mizere imachuluka msanga: maajenti 40 amapanga mizere 780. Njira yake ndi kukhala ndi kaundula mmodzi komwe ajenti amalembetsa ntchito yomwe amagwira, ena n'kumamufufuza kumeneko.

Gwirizanani tanthauzo la chilichonse chotchulidwa

Ichi ndi chomwe mabuku amati ontology, ndipo kuno kwathu chimaluma kuposa mmene mabukuwo amanenera. Thumba ndi makilo angati? Lina ndi la makilo 50, lina ndi losokerera pamwamba lomwe limaposa pamenepo, ndipo pamsika ena amayeza ndi chidebe. M'mauthenga a maajenti muziyenda makilo okha, matumba aziwerengedwa poonetsa munthu. Mtengo uzikhala ndi dzina la ndalama nthawi zonse, chifukwa m'misika ya m'malire monga ku Biri-Biri metikali ndi kwacha zimayendera limodzi, ndipo nambala yopanda dzina ingawerengedwe molakwika. Malo aliwonse apatseni nambala: Ulongwe amalembedwa m'njira zingapo, ndipo midzi ya dzina la mfumu imodzi imapezeka m'maboma awiri. "Mawa" asalowe mu uthenga. Lembani tsiku, mwezi, chaka ndi ola, poti uthenga wotumizidwa madzulo ungafike m'mawa mwake.

Mawu ngati "katundu wafika" agwirizanidwenso. Wafika pageti, watsitsidwa, kapena wogula wawerenga n'kuvomera? Malipiro amadalira yankho limeneli.

Ndondomeko ya kukambirana

Apa m'pofunika kukhalitsa. Kugawa maulendo kumayenda bwino ndi Contract Net, ndondomeko yomwe Reid G. Smith anaifalitsa mu 1980. Imafanana ndi kulengeza ganyu: mwini ntchito amanena kuti ntchito ilipo, oifuna amatchula mtengo, iye n'kusankhapo mmodzi. Bungwe loika malamulo a kalankhulidwe ka maajenti la FIPA, lomwe linayamba mu 1996 n'kulowa pansi pa bungwe la mainjiniya la IEEE mu 2005, linaika mayina okhazikika a mauthenga ake. Depo imatumiza cfp poitana malole. Lole imayankha propose ngati ikufuna, refuse ngati siikufuna. Depo imatumiza accept-proposal kwa yosankhidwa ndi reject-proposal kwa otsalawo. Ntchito ikatha lole imatumiza inform, ikakanika imatumiza failure. Palinso not-understood ya uthenga wosamveka ndi cancel yothetsera zokambirana.

Kupatula wotumiza, wolandira ndi zamkati, magawo anayi a uthenga musawasiye: conversation-id yomanga pamodzi mauthenga onse a nkhani imodzi, reply-with ndi in-reply-to zosonyeza kuti yankho ili ndi la funso liti, ndi reply-by yonena nthawi yomaliza kuyankha. Uthenga woitana ungakhale wotere: cfp, kuchokera depo-02, kupita lole-11, nkhani D02-0714-03, yankhani isanakwane 14:00 pa 14 Julaye, makilo 9,000, kupakira malo 017, kutsitsa malo 203.

Kenako jambulani tebulo la mbali iliyonse. M'mizere yotsika lembani pomwe ajenti angakhale: akudikira mayankho, akusankha, akudikira chitsimikizo, ulendo uli m'njira, zatha, zakanika. M'mizere yopingasa lembani uthenga uliwonse womwe ungafike, kuphatikizapo "nthawi yatha popanda yankho". Dzazani bokosi lililonse, ngakhale looneka losatheka, monga propose yofika ulendo uli kale m'njira. Bokosi losiyidwa ndi pomwe pulogalamu idzaime tsiku lina. Mavuto otsatirawa ndi amene amabwera kawirikawiri.

Kudikira kosatha. Depo yaitana malole 15 ndipo ikudikira onse ayankhe, koma foni ya dalaivala mmodzi yatha moto. Mankhwala ake ndi reply-by: nthawi ikakwana depo isankhe pa mayankho omwe alipo, ndipo malinga ndi FIPA propose yochedwa imakanidwa n'kuuzidwa kuti yachedwa. Zitsanzo za pa intaneti zimaika masekondi ochepa poti zinalembedwera makompyuta a m'chipinda chimodzi. Inu yezani kaye nthawi yomwe uthenga umatenga pa Movitel, Vodacom kapena Tmcel m'malo enieniwo, ndipo musadabwe mukapeza kuti pakufunika maola 2.

Lole imodzi, madepo awiri. Ajenti wa lole wayankha propose ku madepo awiri ndipo onse amuvomera. FIPA imati propose ndi lonjezo lomanga, choncho woitumiza ayenera kukhala wokonzeka kugwira ntchitoyo. Njira zilipo ziwiri. Yoyamba, lole ikatumiza propose idzitsekere osayankha ena mpaka imve zotsatira. N'zosavuta kulemba koma lole imataya mwayi maola onse odikirawo. Yachiwiri, iyankhe angapo, koma muonjezere sitepe ya chitsimikizo: ikalandira accept-proposal yoyamba itsimikize, madepo enawo iwauze kuti yatengedwa. Kumene mauthenga amachedwa ife timasankha yachiwiri. Mukasankha yoyamba, kudzitsekerako kukhale ndi nthawi yothera, apo ayi reject-proposal imodzi ikasowa lole idzakhala pa Ulongwe tsiku lonse ikudziyesa yotanganidwa.

Accept-proposal yasowa m'njira. Depo ikuti lole ikubwera, lole siinamve kanthu, anyamata opakira akudikira. Akatswiri a masamu anasonyeza kale kuti pa njira yotaya mauthenga palibe ndondomeko yomwe ingachititse mbali zonse ziwiri kukhala ndi chitsimikizo chathunthu, ndiye musataye nthawi kuifunafuna. Chepetsani ngozi: tumizaninso pakatha mphindi 10, kenako 20, kenako 40, ndipo zikakanikabe ajenti auze wapadepo kuti aimbe foni. Lole yomwe yabwera yachiwiri pa mpikisano musafulumire kuitumizira reject-proposal. Idikire mpaka yoyamba itatsimikiza, kuti ikhale yogwirizira.

Uthenga wafika kawiri. Kutumizanso kumabala vuto limeneli. Ajenti aliyense asunge manambala a reply-with omwe wawagwirira kale ntchito. Wobwerezedwa aubwezere yankho lomwe lija osachitanso kanthu. Mukaiwala, matumba 180 amasanduka 360 m'kaundula, kapena gulu limalipidwa kawiri.

Mauthenga apitirirana. Cancel yafika accept-proposal isanafike. Ikani nambala yotsatizana mkati mwa nkhani iliyonse, ndipo ajenti akalandira nambala 5 asanaone 4 adziwe kuti pali wotsalira.

Mawotchi akusiyana. Foni yomwe inazima n'kuyatsidwanso ikhoza kusonyeza ola lolakwika. Nthawi yoweruzira kuchedwa ikhale ya amene anaitana, ndipo zilembedwe choncho m'ndondomeko.

Kudikirana mozungulira. Lole ikudikira depo itsimikize katundu, depo ikudikira wogula atsimikize mtengo, wogula akudikira amve kuti lole yapezeka. Palibe walakwa, koma palibe chikuyenda. Jambulani mivi ya "akudikira" pakati pa maajenti. Ikapanga bwalo, sankhani amene ayambe kulonjeza. Pa chitsanzo chathu wogula ndiye ayambe, lonjezo lake likhale la maola owerengeka.

Werengeraninso mauthenga. Kuitana malole 15 kumadya cfp 15, mayankho 15, zotsatira 15 ngati onse apikisana, ndi inform imodzi: 46, osawerengera chitsimikizo ndi obwereza. Madepo 4 akaitana kamodzi patsiku ndi 184. Ngati ena mwa mauthengawa akuyenda pa SMS, imeneyo ndi ndalama. Funsani kaye kaundula kuti akupatseni malole okhawo amene ali pafupi ndipo ndi aakulu mokwanira, muitane 5 m'malo mwa 15. Dziwaninso kuti SMS imodzi imanyamula zilembo 160, koma mukaikamo chilembo chimodzi chomwe mulibe mu zilembo wamba za SMS, zotchedwa za GSM, monga ó wa mu Angónia, ã kapena ŵ, malire amatsika kufika 70 ndipo uthenga umaduka zidutswa zolipiridwa padera.

Mkati mwa ajenti

Ndondomeko zikakhazikika m'pamene mumalowa mkati mwa ajenti aliyense. Kapangidwe kodziwika ndi BDI, kochokera ku maganizo a Michael Bratman a mu 1987, komwe Anand Rao ndi Michael Georgeff anakasandutsa kogwirika pakompyuta. Ajenti amakhala ndi zomwe akukhulupirira, zomwe akufuna, ndi zomwe watsimikiza kuchita.

Chokhulupirira chilichonse chikhale ndi gwero ndi nthawi. "Msewu wa ku malo 017 ukudutsika" sizikwanira. Lembani kuti wanena ndi lole-07, dzulo 16:00, ndipo ikani nthawi yomwe mawuwo amakalamba, mwina maola 12 m'dzinja ndi sabata yathunthu m'chilimwe. Ajenti wokhulupirira za dzana amatumiza lole kumlatho womwe madzi anadutsa pamwamba usiku.

Pulani iliyonse ili ndi mbali zitatu: choiyambitsa, zoyenera kukhala zoona kuti igwire, ndi masitepe ake. Pa cholinga chimodzi lembani mapulani angapo. Cholinga chikhale "katundu achoke m'depo". Ngati makilo afika 8,000, itana lole yaikulu. Ngati sanafike koma thumba lakale lagona masiku 2, funsa depo yoyandikana kuti muphatikize katundu. Ngati zonsezi zakanika, uza munthu. Pulani yomalizayi, yogwira pamene ena onse akana, isasowe pa cholinga chilichonse.

Lembaninso nthawi yomwe ajenti angasiye zomwe anatsimikiza: cholinga chikakwaniritsidwa, chikaoneka kuti n'chosatheka, kapena chifukwa chake chikatha. Wosinthasintha pa mphekesera iliyonse ya mtengo samaliza ulendo ndi umodzi womwe, ndipo wokakamira amapitiriza kufunira galimoto katundu yemwe wogula anamukana kale. Akasiya, auze onse amene amamudalira.

Ngati mukufuna kuikamo mapulogalamu amakono omva chilankhulo kuti aziwerenga mauthenga a alimi, apatseni ntchito imodzi yokha: kusandutsa mawu a munthu kukhala uthenga wa magawo okhazikika, womwe munthuyo autsimikize. Mapulogalamu amenewa amatha kupeka nambala molimba mtima, ndiye asapatsidwe chilolezo cholemba m'kaundula kapena kulonjeza m'dzina la wina.

Malire a ajenti pa ndalama ndi pa anthu

Ajenti wa chuma akonze malipiro, koma wotumiza ndalama pa M-Pesa kapena e-Mola akhale msungichuma ataona chiwerengero. Uthenga wopita kwa munthu ukhale waufupi, waulemu, wofuna yankho limodzi: "Mayi mlembi, lole ifika Lachinayi 6:00 kudzatenga matumba 40 a gulu lanu. Yankhani 1 kuvomera, 2 kukana." Kukhala chete kusawerengedwe ngati kuvomera.

Musaganize kuti ajenti wa mwini wina adzanena zoona nthawi zonse. Mwini lole angatchule mtengo wotsika kuti apambane, n'kudzakweza katundu atapakiridwa. Sungani mbiri ya malonjezo osungidwa ndi osweka, ilowe m'kasankhidwe pamodzi ndi mtengo, ndipo eni malole auzidwe poyera mmene ikuwerengedwera. Watsopano ayambe ndi mbiri yapakati kuti naye apeze ulendo woyamba. Chosankha chilichonse cha ajenti chilembedwe ndi chifukwa chake, kuti pamsonkhano wa bungwe funso loti "bwanji gulu lathu linadumphidwa?" liyankhidwe ndi zolembedwa.

Kuyesa, kenako kusankha zida

Mayeso oyamba safuna magetsi. Khazikani anthu asanu, aliyense ndi khadi la ajenti mmodzi ndi tebulo lake, mauthenga alembedwe pa timapepala. Wachisanu ndi chimodzi akhale netiweki: azinyamula timapepalato, kena n'kukabisa m'thumba, kena n'kukapereka kawiri, kena n'kukachedwetsa. Lamulo ndi loti munthu asachite chomwe sichinalembedwe pa khadi lake. Pomwe wina waima n'kufunsa kuti "ndiye nditani?" mwapeza bokosi losadzaza.

Mukakonza zimenezo, ndondomeko zokhudza ndalama ndi malonjezo zilembeni m'chilankhulo cha Promela n'kuziyesa ndi SPIN, chida cha Gerard Holzmann chomwe chimayendera njira zonse zomwe mauthenga angatsatizane n'kukuonetsani yomwe ikuswa lamulo la safety kapena yofikitsa pa kudikirana. Yambani ndi madepo 2 ndi malole 2 okha. Zolakwika zambiri zimaonekera pa chiwerengero chochepa chomwechi, ndipo mukachulukitsa njira zimachuluka mpaka kompyuta kulephera kumaliza.

Kusankha zida sikufuna nthawi yambiri. JADE, ya chilankhulo cha pakompyuta cha Java, imatsata FIPA, ili ndi kaundula wa ntchito wotchedwa DF, zidutswa za pulogalamu zokonzeratu za Contract Net, ndi Sniffer yoonetsa mauthenga akuyenda. Jason, ya Rafael Bordini ndi Jomi Hübner, imayendetsa chilankhulo cholembera maajenti cha AgentSpeak ndipo ndi yabwino ngati mapulani a BDI ndi ambiri. SPADE ndi ya chilankhulo cha Python ndipo imadutsa pa seva yotumizira mauthenga ya XMPP. Tengani yomwe anthu odzaisamalira akuidziwa chilankhulo chake. Chilichonse mungasankhe, ajenti azisunga pa disiki pomwe wafika pa nkhani iliyonse asanatumize uthenga, kuti magetsi akazima n'kuyakanso apitirize pomwe analekera.

Pa makina yesani dala zoipa: tayani uthenga umodzi pa 10 aliwonse, kenako atatu pa 10, zimitsani ajenti wa depo atangotumiza accept-proposal, sunthani wotchi ya lole ndi ola limodzi, tumizani makilo 0 ndi makilo 90,000. Pambuyo pa mayeso aliwonse pulogalamu ina yaing'ono iwerenge kaundula n'kuona ngati malamulo onse a "zosayenera kuchitika" asungidwa.

Kumunda yambani ndi depo imodzi, maajenti akungopereka maganizo pamene wapadepo akupitiriza ndi kope ndi foni monga kale. Madzulo aliwonse yerekezani zomwe ajenti akanasankha ndi zomwe munthu wasankha, ndipo pomwe asiyana funsani wapadepoyo chifukwa chake. Kawirikawiri amatchula lamulo lomwe palibe analinena pa gawo la zodalirana lija, monga loti lole yakuti siikwera phiri lakuti ikadzaza. Lamulolo libwerere pa khadi ndi m'tebulo lisanalowe mu pulogalamu. Uthenga uliwonse uzinyamula nambala ya mtundu wa ndondomeko, chifukwa mafoni a madalaivala sadzalandira pulogalamu yatsopano tsiku limodzi, ndipo ajenti wolandira mtundu womwe saudziwa ayankhe not-understood n'kudziwitsa wapadepo.